Mawilo a Bogi ya Nambala Seveni

Senderani pafupi, inu amene mumati zoopsa zimayenda usiku wokhawokha. Izi ndikuuzanizi zinkachitika dzuwa likuswa mtengo, amayi akuyanika zovala, nkhuku zikupalasa pabwalo, ndipo mwina n'chifukwa chake anthu a mumzere wa nyumba za kuseri kwa msika ku Bangwe sazikamba mokweza mpaka lero.

Mumzere umenewo munkakhala mdala wina, a Lifeyo Makwinja, ndi akazi awo a Nangondo. A Makwinja anagwira ntchito kunjanji ku Limbe zaka makumi atatu, ndipo ntchito yawo inali yoti ana a masiku ano mukaimva mumaseka: kugogoda mawilo a sitima. Sitima isananyamuke, munthu ankayenda m'mbali mwake ndi hamala ya mpini wautali, n'kumamenya wilo lililonse kamodzi. Wilo labwino limalira kuti ngwee, kulirako n'kumapita kutali. Wilo loti lachita mng'alu m'kati, ngakhale diso lisauone, limangoti phu, ngati wamenya dzungu. Labwino ankalilemba kamzere ndi choko. Loipa ankalilemba mtanda, ndipo bogi yake sinkapita ulendo.

Ntchitoyi inali ya anthu awiri, wina mbali ino, wina mbali inayo, kuyambira ku injini mpaka kubogi ya gadi, woyang'anira ulendo wa sitima, kumapeto. Uyu akamenya, mnzake ankayankha, kenako onse n'kusuntha. Nkhope sankaonana, ankangoona nsapato za mnzawo kunsi kwa mabogi. Akafika kumapeto ankakumana kuseri kwa bogi ya gadi n'kugundanitsa mahamala awo, ndipo gadi akamva kugundanako m'pamene ankaimba wezulo. Zimenezi sizinalembedwe m'buku lililonse, koma aliyense pasiteshoni ankadziwa kuti sitima imanyamuka choncho.

Mnzawo wa a Makwinja anali Zuze, munthu wa ku Chigwa cha Shire, wamtali, woseka ndi mapewa, amene ankatchula aliyense kuti shamwali monga amachitira akumunsi ponena bwenzi. Anayankhana mahamala zaka pafupifupi makumi awiri. Mbatata ankagawana imodzi, tiyi ankamwera chitini chimodzi, ndipo a Nangondo ankanena kuti pa banja lawo iwo ndiwo anali mkazi wachiwiri.

Tsono panali chimene a Makwinja ankabisa. Khutu lawo lakumanzere linali litayamba kufa, ndipo mwatsoka ndi khutu lomwelo limene linkaloza kusitima akamayenda mbali yawo. Wogogoda mawilo wopanda khutu ndi munthu wopanda ntchito, choncho anangosoka pakamwa, n'kumapendeketsa mutu mochenjera. Zinayenda choncho mpaka tsiku lomaliza la Zuze pantchito, tsiku loti akwere sitima ya folo koloko kubwerera kwawo kukapuma. Atafika pabogi ya nambala seveni, a Makwinja anamenya wilo lawo, nalemba kamzere. Yankho silinabwere. M'malo mwake anaona nsapato za Zuze zikuzungulira, mwiniwake n'kutulukira kumbali yawo, kumenya wilo lomwelo, kufufuta kamzere kaja ndi chikhatho n'kulembapo mtanda, anthu onse apasiteshoni akuona.

Kudutsira kumbali ya mnzako kunali ngati kulowa kuchipinda kwake osaodira. Manyazi anawagwira a Makwinja, ndipo manyazi a mwamuna sachedwa kusanduka mkwiyo. Analankhula mawu amene sindiwabwereza pano, naponya choko pansi, nakabisala kuseri kwa kanyumba kosungira zipangizo. Ali kumeneko anaona zonse. Bogi ija inachotsedwa. Zuze anamaliza yekha mawilo otsalawo, kenako anakaima kuseri kwa bogi ya gadi, hamala ataikweza m'mwamba, maso akuwamwazamwaza. Anaima nthawi yaitali. Gadi anayang'ana wotchi kawiri, naimba wezulo monyinyirika. Zuze anayedzamitsa hamala yake pakhoma, natenga kasutikesi kake kamalata, nakwera.

M'mawa mwake amakanika anapeza kuti wilo lija linalidi long'aluka. A Makwinja ankati alemba kalata, koma mawa linkabereka mawa linzake. Chaka chotsatira madzi osefukira anadula njanji ya kumunsi, sitima ya folo koloko n'kuleka kuyenda. Patapita zaka zingapo kunabwera uthenga woti Zuze anamwalira, ndipo unafika maliro ataikidwa kalekale. Hamala ija a Makwinja anali ataitengera kunyumba tsiku lomwelo, ndipo inakhala kunsi kwa bedi pamodzi ndi yawo.

Amuna akakalamba ena amaweta nkhunda, ena amasanduka akatswiri a ndale pa bawo. A Makwinja anayamba kupanga kasitima. M'shedi mwawo kuseri kwa nyumba anakhoma thabwa lalitali kukhoma, kuchokera pakhomo mpaka kumapeto, nayalapo njanji ya waya pa timitengo ta nsungwi. Mabogi anawadula ku zitini za mafuta ophikira, asanu ndi anayi, yomaliza ya gadi, monga inalili sitima ya kumunsi. Injini anaiikira kamota ka chidole koyendera mabatire awiri. Chakukhomo anamangako siteshoni ya Limbe, ndi kanyumba ka zipangizo komwe. Kumapeto kwinako anamangako kasiteshoni kakang'ono ndi kamtengo ka mango ka waya, koma chikwangwani chake anachisiya chosalemba, ndipo kasitimako sankakafikitsa kumeneko.

Chimene chinawasowetsa mtendere anali mawilo. Anayamba ndi zitsekerero za mabotolo, koma kasitimako kankayenda motsimphina ngati kakuchokera ku kachasu. Anapita ku kaunjika nagula zidole zakufa n'kuzizula mawilo apulasitiki. Awa anali opepuka ndiponso ozungulira bwino, koma ankakoka fumbi, ndipo pamalumikizidwe a njanji ankadumpha chifukwa bogi inalibe choikanikiza pansi. Mwana wawo Tereziya, amene amakhala ku Joni, atamva dandaulo la bambo ake anawatumizira enieni a m'sitolo, achitsulo, onyezimira, awiriawiri olumikizidwa kale. A Makwinja anawayala onse patebulo, mtundu uliwonse pamzere wake. Ankayeza kutalikirana kwa mawilo ndi kachitsulo kamene anachita kusema okha, n'kupenda mlomo wa wilo, uja umagwira njanji kuti wilo lisatuluke. Kenako ankakankha bogi ndi chala n'kulemba pakhoma pamene yaima. A ku Joni anapambana pa zonsezo, ndipo ku injini anaikako omwewo. Koma panali mayeso ena omaliza. Anali atasula kahamala kakang'ono kuchokera ku msomali, ndipo ankagogoda wilo lililonse khutu labwino atalisendeza pafupi. Chitsekerero chinkati tche. Pulasitiki sankayankha n'komwe. A ku Joni ankati thi, n'kuthera pomwepo.

A Nangondo anawafunsa kuti kodi chidole chimafunika kulira kuti chitani, pamene okwera ake ndi nyerere. A Makwinja anayankha kuti wilo losalira silingauze munthu ngati lili bwino kapena ayi, ndipo munthu wanzeru sakhulupirira chinthu chosalankhula. Mayiwo anati mawu amenewo ndi odabwitsa kuchokera kwa mwamuna amene amatha tsiku lonse osayankha moni.

Tsiku lina anatulutsa mahamala awiri aja kunsi kwa bedi, nawapachika pa chingwe, nawagogoda. Yawo inalira. Ya Zuze inalira n'kupitirira kulira yawo italeka kale. Anang'ung'udza, nakulunga ya Zuzeyo m'thumba, napita nayo ku Ndirande kwa munthu wosema zitsulo pamakina. Patatha sabata anabwerako ndi kachitini ka timawilo totuwa, tolemera, kalikonse kukula kwake ngati batani la jekete. Mutu wa hamala unali utathera momwemo.

Anamaliza kutiika ku mabogi Lachiwiri, cha m'ma fili koloko masana, nthawi imene kale ankayamba kugogoda sitima ya kumunsi. Anatenga kahamala kaja namenya wilo loyamba la bogi yoyamba. Linalira kuti ngwee, mawu aang'ono koma enieni, moti anamva fungo la dizilo ndi la nthochi zakupsa za azimayi apasiteshoni, misozi n'kulengeza m'maso. Kulirako kusanathe, kumbali ya kukhoma kunamveka kwina. Ngwee.

Pakati pa kasitima ndi khoma panali mpata wa zala ziwiri basi. A Makwinja anadziuza kuti ndi khoma likubweza mawu. Anamenya wilo lachiwiri, n'kuligwira msanga ndi chala kuti lisalire. Kunadutsa kamphindi, kofanana ndendende ndi kamene munthu wamtali amatenga poponya mwendo kawiri. Ngwee. Anaika kahamala pansi bwinobwino, natuluka, natseka chitseko, ndipo madzulo amenewo anadya mosayang'ana m'mbale.

M'mawa anapeza kuti choko chimene ankalembera pakhoma palibe. Anafunsa a Nangondo, amene anati iwo sadya choko. Anagula china, chinasowanso. Tsiku lachitatu anabwereka kagalasi ka akazi awo nakalowetsa mumpata muja. Pa mawilo awiri a bogi yoyamba, kumbali ya kukhoma kumene dzanja la munthu silikanafika, panali timizere ta choko, topendekera kumanja. A Makwinja kamzere kawo ankakaimika chilili. Wopendeketsa anali mmodzi yekha pa siteshoni yonse ya Limbe.

Mungaganize kuti anathawa. Mantha analipo, koma pansi pa manthawo panali chimwemwe chimene sakanachiuza munthu. Zaka zonsezi palibe amene anawayankhapo. Choncho fili koloko ikakwana ankalowa m'shedi n'kugogoda bogi imodzi yokha, mawa ina, ngati munthu amene akudya pang'onopang'ono chinthu chimene akudziwa kuti chitha. Yankho linkabwera nthawi zonse, ndipo m'mawa timizere tinkakhala tawonjezeka. Nthawi imeneyo nkhuku zinkachoka kuseri kwa nyumba n'kukaunjikana kukhonde, ndipo galu wa a neba, amene ankauwa ngakhale mthunzi wake, ankagona pansi mutu atauika pakati pa miyendo.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri anafika pabogi ya nambala seveni. Anamenya. Phu. Kumbali inayo kunali zii.

Anati mwina wosema uja analakwitsa. Anazula mawilo awiriwo nawagogoda ali m'manja, ndipo analira bwinobwino. Anatenga a bogi yoyamba, amene anali atalira kale, nawaika pa seveni. Phu. Aja a pa seveni atawaika pabogi yoyamba, ngwee. Anasinthanitsa ndi a bogi yachitatu, ndi a gadi, anapaka mafuta, anayeza ndi kachitsulo kaja, anafika mpaka poyang'ana ngati bogiyo ikukhudza wilo. Panalibe cholakwika. Wilo lililonse linali labwino mpaka litalowa pansi pa seveni kumbali yawo. Ankadziwa chimene chinkafunika, inu nomwe mwachidziwa kale, koma analemba kamzere kawo koima chilili. M'mawa anapeza kafufutidwa, pawilopo patatsala chizindikiro ngati cha chala.

Masiku anayi anakanirira pamenepo, kulemba kamzere, kupeza kafufutidwa. Tsiku lachisanu a Nangondo anabwera kuchokera kogula makala alibe makala, mpango uli m'manja, milomo itauma. Anati podutsa pa njanji yakale, pamene pamera udzu ndipo anthu amayanikapo chinangwa, anapeza munthu ataima pakati pa njanji. Anali wamtali, atavala ovolosi yotuwa, kasutikesi kamalata kali pambali. Nkhope sanaione bwino chifukwa dzuwa linali kumbuyo kwake, ngakhale kuti, poganiza bwino, nthawi imeneyo dzuwa silikhala mbali imeneyo. Dzanja lamanja anali atalikweza ngati wagwira chinthu, koma munalibe kanthu. Iwo anamupatsa moni namuuza kuti sitima inasiya kalekale kudutsa pamenepo. Munthuyo anayankha mwaulemu kuti akudziwa, koma sangakwere mnzake asanafike kumapeto. Atayenda pang'ono anacheuka, napeza pali mbuzi zokha.

"Zala zake zinali mbuu ndi choko," anatero a Nangondo. "Abambo ake a Tereziya, mukuchita chiyani m'shedimo?"

Anawauza. Sananene za khutu, koma zina zonse ananena, za hamala, za timizere, za yankho. A Nangondo anakhala pansi pakhomo pomwepo. Anawerenga ndi zala kuti pambuyo pa seveni patsala mabogi awiri okha, kenako n'kukumana. Anati munthu wakufa akakudikira ndi sutikesi sakhala kuti akufuna moni, akufuna woyenda naye. Anati iwo sanapirire zaka makumi anayi ndi mwamuna wouma mutu kuti adzalandidwe mwamunayo ndi chidole cha zitini. Analira, ndipo a Makwinja, amene anali asanawaonepo akulira choncho chimwalirireni mayi awo, anapita m'shedi nazula timawilo tonse tachitsulo, nabwezeretsa apulasitiki. Timawilo tija anatitsekera m'chitini nachikwirira kuseri kwa bafa.

Masiku atatu kunali bata. Tsiku lachinayi, fili koloko yeniyeni, mgolo wa madzi pakhonde unalira kamodzi. Panalibe amene anali pafupi nawo. M'mawa mwake, nthawi yomweyo, linalira lata la padenga. Tsiku linalo unalira mwendo wa bedi lachitsulo, iwo ali pabalaza. Sikunali kugogoda kwaukali ayi. Kunali kamodzi kokha, kenako chete uja wa munthu amene akudikira kuti umuyankhe, ndipo cheteyo ndiye ankaopsa kuposa kugogodako. A neba anayamba kuitana ana awo kuti alowe m'nyumba ikamakwana fili koloko. Azimayi a kumpingo anabwera napemphera, naimba nyimbo ziwiri, ndipo ali pakati pa yachitatu ketulo inalira payokha pa mbaula yozima. Anamaliza vesilo mothamanga natsanzika.

A Makwinja anayamba kuonda. Sankaopa kwenikweni, ankamva chisoni. Nthawi iliyonse chitsulo chikalira ankaona munthu wamtali uja ataima kuseri kwa bogi ya gadi, hamala ili m'mwamba, akumwazamwaza maso, ndipo iwo ali kuseri kwa kanyumba ngati mbava. Anali atamuimika pamenepo zaka makumi awiri ndi mphambu.

Loweruka m'mawa anakumba chitini chija. A Nangondo anawapeza patebulo akupukuta timawilo ndi kansanza. A Makwinja anawauza kuti akhale pansi, pali chimene sanawauzepo chikwatiranireni. Anazungulira, anatsokomola, kenako ananena kuti tsiku lija Zuze sanalakwe. Wilo lija iwo sanalimve, chifukwa khutu lakumanzere linali litafa kale, ndipo anatukwana munthu amene anapulumutsa sitima yodzaza anthu, n'kuwapulumutsanso iwo omwe.

A Nangondo anapukusa mutu.

"Ndiye mumayesa kuti ndimayenda kumanja kwanu chifukwa chiyani? Kutchalitchi ndimakhala kumanja, pabedi ndinasintha mbali Tereziya ali kumbuyo. Inu mumati ndi chikondi?" Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndinkadziwa ine. A Zuze nawonso ankadziwa. Anabwera pano mwezi wathunthu asanapume, n'kundiuza kuti akhala akumvera mbali zonse ziwiri zaka zitatu, ndipo akuda nkhawa kuti akachoka adzakumvererani ndani. Anandiletsa kukuuzani, ati mungachite manyazi."

A Makwinja anagwira kukamwa. Kansanza kaja kanagwa pansi, ndipo sanakatole.

Patapita nthawi anati ayenera kukamaliza. A Nangondo anafunsa kuti nanga akakawatenga. Iwo anayankha kuti ogogoda mawilo sakwera sitima, amatsala pasiteshoni n'kuiyang'ana ikupita, ndipo tsiku lija wa ulendo anali Zuze yekha. Mayiwo anati chabwino, koma iwo akakhala pomwepo, ndipo amene akufuna mwamuna wawo ayambe wakambirana ndi iwo.

Fili koloko inawapeza m'shedi, timawilo tachitsulo tabwerera m'malo mwake. Mabatire a injini a Nangondo anali atawachotsa n'kuwamanga pa nsonga ya chitenje, kuti pasapezeke chonyamuka. Anaima kumanja kwa amuna awo, dzanja atalikoloweka pa lamba wa thalauza lawo. Kunja wina ankasinja, wailesi ya a neba inkaimba, koma a Makwinja atangomenya wilo loyamba zonsezo zinamveka ngati zili kutsidya kwa phiri.

Ngwee. Ngwee, kumbali ya kukhoma. A Nangondo anakoka mpweya, nalimbitsa dzanja.

Anayenda bogi ndi bogi, kumenya, kudikira yankho, kulemba kamzere, kusuntha. M'shedimo munayamba kutentha kutentha kwa kuchigwa, kuja kokhala ndi fungo la matope a mtsinje. Pansi pa thabwa, pamene pankakhala zitini za penti, a Makwinja anaona ndi ngodya ya diso chinthu chonga nsapato chikusuntha limodzi nawo, kuponya kawiri, kuima. Sanayang'anitsitse. Zaka zonse zija sanafunikepo kuona zoposa pamenepo.

Pa seveni wilo linati phu, ndipo kunagwa chete uja. A Makwinja anatenga choko. Dzanja linakana kaye, poti dzanja la nkhalamba limakhala ndi mwano wakewake, koma analikakamiza nalemba mtanda.

"Long'aluka, Zuze," anatero. "Sindinalimve. Iwe unalimva. Unakhoza, shamwali, ndipo ine ndinakulakwira."

Anamasula bogi ya seveni naiika pambali, monga mwa lamulo la ntchito, nalumikiza eyiti ku sikisi. Anadikira. Wosinja uja kunja anagunda katatu. Kenako, kumbali ya kukhoma, ngwee, ndipo pambuyo pake panamveka kaphokoso kena kamene a Nangondo amati kanali mphepo pa malata, koma a Makwinja amati ndi mmene munthu amamvekera akamaseka ndi mapewa.

Anamaliza eyiti. Anamaliza ya gadi. Panatsala kumapeto, kuseri kwa bogi yomaliza, pamene panali kampata ka njanji yopanda kanthu. A Makwinja anatambasula dzanja nalowetsa kahamala kawo pamenepo. A Nangondo anagwira lamba ndi manja onse awiri, mapazi atawaponda molimba ngati akukoka mbuzi yokana kulowa m'khola.

Nge.

Chitsulo chinagunda chitsulo. Anachimva m'dzanja mpaka m'phewa. Kenako kahamalako kanakokedwa, pang'ono chabe, monga mmene mnzako amachedwera kusiya dzanja lako potsanzikana. Mtima wa a Makwinja unapita nako. Anafuna kuona chigwa chija chimene Zuze ankachitama tsiku ndi tsiku, anafuna kumwanso tiyi wa m'chitini chimodzi, ndipo phazi lawo linasuntha lokha. Lamba anawakoka m'chiuno.

"Pita bwino, shamwali," anatero. "Ine ndatsala. Kuno andigwira."

Kukokako kunaleka. Patali, kumbali ya njanji yakale, kunamveka wezulo. Injini yopanda mabatire ija inagwedezeka, mabogi anakokana limodzilimodzi, ndipo kasitimako kanayamba kuyenda, timawilo tikuimba pa waya monga inkaimbira ya folo koloko ikamatsika. Kanadutsa malembo onse a pakhoma aja osaima, kanapita mpaka kumapeto, n'kukaima pa kasiteshoni kopanda dzina, pansi pa kamtengo ka mango. Kutentha kuja kunachoka. Wailesi ya a neba inabwerera, ndipo galu anayamba kuuwa mthunzi wake. Patebulo panali tizidutswa tiwiri ta choko, totha mpaka posagwirika.

Kuyambira tsiku limenelo mgolo sunalirenso, ndipo pa njanji yakale pamangoima mbuzi. Lolemba lake fili koloko itakwana, a Makwinja anabweza kasitima ku Limbe nagogoda wilo loyamba, poti chizolowezi sichimva kuti nkhani yatha. Linalira bwino. Anadikira, napendeketsa mutu, nadikirabe. A Nangondo anawapeza atakhala pa chitini cha penti, kahamala kali pamwendo, akulira mwakachetechete. Anali atapulumuka, koma anali atatsalanso okha kachiwiri.

M'mawa mwake mayiwo analamula kuti thabwa lija lichotsedwe kukhoma liikidwe pa njerwa pakati pa shedi, kumbuyo kwake kuikidwe benchi. Masiku ano mukadutsa kuseri kwa msika cha m'ma fili koloko mudzamva ngwee, kenako patapita nthawi, kwe, chifukwa a Nangondo amagogoda ndi kasupuni ka tiyi, amachedwa, ndipo nthawi zina amamenya bogi m'malo mwa wilo. A Makwinja akawadzudzula, iwo amafunsa kuti munthu wa khutu limodzi wazimva bwanji. Akafika kumapeto amagundanitsa supuni ndi hamala, ndipo kasitima kamapita mpaka pa kasiteshoni kaja, kamene tsopano kali ndi dzina la mudzi wa kwawo kwa Zuze.

Chimodzi chokha. Benchi ija ndi yaitali, koma a Nangondo amakhala chakunsonga kwenikweni, n'kusiya malo a munthu mmodzi, wamtali. Mukawafunsa amati n'chifukwa cha mwendo.